Ma port mu ma test oyenda okha: mafunso ndi mayankho

Tsamba lino ndalilemba nditatopa ndi kuyankha funso limodzimodzi. Munthu amabwera ndi chithunzi cha sikirini, pakati pake pali mawu ofiira akuti `Address already in use`, n'kunena kuti dzulo zonse zimayenda bwinobwino ndipo sanagwire kalikonse. Nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Mayankhowa ndi a inu amene mumalemba ma test odzutsa seva kapena database kenako n'kuyamba kulankhula nayo. Zitsanzo ndazitenga ku Python, Java, Go ndi Node chifukwa ndi zomwe ndimagwiritsa ntchito, koma vutoli silisankha chiyankhulo.

Port n'chiyani, ndipo ikulowa bwanji pa nkhani ya ma test?

Adiresi ya IP imakufikitsani pa kompyuta, port imakufikitsani pa pulogalamu yomwe mukuifuna pa kompyutapo. Ndi nambala chabe, kuyambira 0 mpaka 65535, ndipo TCP ndi UDP, njira ziwiri zotumizira data pa netiweki, iliyonse ili ndi manambala ake. Mwachizolowezi, pa adiresi imodzi port imodzi ya TCP imakhala ndi womvetsera mmodzi. Zili ngati benchi la mumsika: wina akayalapo kale tomato, inu simungayalepo usipa kufikira iye atalongedza.

Bungwe la IANA linagawa manambalawa patatu. Kuyambira 0 mpaka 1023 ndi a ntchito zodziwika, monga 22 ya SSH, 80 ya HTTP ndi 443 ya HTTPS. Kuyambira 1024 mpaka 49151 ndi ochita kulembetsa, ndipo m'menemo ndi momwe muli 3306 ya MySQL ndi 5432 ya PostgreSQL. Otsalawo, 49152 mpaka 65535, alibe mwini, ndi ongobwereka kwa kanthawi.

Test yodzutsa seva imafuna benchi. Mukailembera nambala yokhazikika, mwailonjeza benchi lomwe si lanu.

Ndinalemba 8080 mu ma test anga ndipo papita zaka osavuta. Ndisinthirenji?

Chifukwa 8080 ndi benchi lomwe aliyense amalithamangira. Tomcat imakhala pamenepo, Jenkins pamenepo, Spring Boot pomweponso. Chimodzimodzi 3000 ya Rails, 8000 ya Django ndi 5000 ya Flask. A Flask anaona zakuda mu 2021 pamene macOS Monterey inabwera ndi AirPlay Receiver yomwe imagwira 5000 ndi 7000: anthu anangoika macOS yatsopano usiku, m'mawa seva zawo n'kuyamba kukana kudzuka.

Komatu test ikagwa ndi uthenga woti port yatengedwa, thokozani, chifukwa mwauzidwa. Choopsa ndi pamene sikugwa. Pa kampani ina yomwe ndinagwirako ntchito tinali ndi script yomwe imadzutsa seva pa 8080 kumbali, n'kudikira masekondi 5, kenako n'kuyendetsa ma test. Tsiku lina wina anaimitsa job yoyendetsa ma testwo pakati, script inafa koma seva inatsala yamoyo, itagwirabe 8080. Kuyambira pamenepo seva yatsopano iliyonse imafa ikangobadwa, n'kulemba `BindException` mu fayilo ya log yomwe panalibe woiwerenga. Ma test amafika pa 8080, n'kupeza seva yakale ija ikuwayankha mwaulemu, zonse n'kuoneka zobiriwira. Tinadzidzimuka mnzathu atafufuta endpoint yonse, imodzi mwa ma adiresi omwe seva imayankhirapo, test yake n'kupambanabe. Nditalowa pa makinawo n'kulemba `ss -ltnp`, ndinapeza java itakhala phee pa 8080, itadzuka sabata yathayo. Masiku onsewo tinali kuyesa code yomwe sitinali kutumizanso kwa makasitomala.

Nanga ndilembe nambala yanji?

Lembani 0. Mukapempha port 0, kernel, yomwe ndi mtima wa operating system, simakupatsani port 0, koma imakusankhirani ina iliyonse yopanda munthu n'kukugwirira nthawi yomweyo. Chanu n'kufunsa kuti yakupatsani iti:

```python
import socket

s = socket.socket()
s.bind(("127.0.0.1", 0))
s.listen()
port = s.getsockname()[1]
```

Mu Go ndi `net.Listen("tcp", "127.0.0.1:0")` kenako `Addr()`. Mu Node ndi `server.listen(0)` kenako `server.address().port`, bola mudikire kuti seva yayambadi kumvetsera. Mu Java ndi `new ServerSocket(0)` kenako `getLocalPort()`.

Onani mmene zinthu zatembenukira. Kale test ndi yomwe imauza seva nambala. Tsopano seva ndi yomwe ikuuza test. Mafunso ambiri otsalawa akuzungulira pomwepa: nambala ichokere kwa yemwe wagwira socket, khomo lomwe pulogalamu imatsegula pa port, osati kwa yemwe akungoganizira.

Kodi kernel imaitenga kuti nambalayo? Singadzagundane ndi ina?

Imaitenga pa gulu la ma port obwereka. Pa Linux gululi limayambira 32768 mpaka 60999, omwe ndi ma port 28232, ndipo mungalione ndi `cat /proc/sys/net/ipv4/ip_local_port_range`. Windows, kuyambira pa Vista, komanso macOS zimatsatira IANA, 49152 mpaka 65535. Kugundana kulibe, chifukwa wosankha ndi wosunga kaundula ndi mmodzi.

Pali msampha wina apa womwe umakola anthu ochenjera. Munthu amati, 8080 ndi yolimbirana, ndisankhe nambala yachilendo ngati 45678 yomwe palibe angaiganize. Nambala imeneyo pa Linux ili mkati mwa gulu lobwereka lija. Pulogalamu iliyonse pa makinawo yomwe ikutsegula connection yopita kunja, kaya ndi `git`, kaya ndi `npm`, imabwerekedwa port kuchokera m'gulu lomwelo, ndipo tsiku lina idzapatsidwa 45678 nthawi yomwe seva yanu ikudzuka. Test idzagwa kamodzi pa miyezi ingapo, mudzaiyendetsanso n'kupambana, ndipo palibe adzamvetse. Ngati nambala yokhazikika ndi yosapeweka, isankheni pansi pa 32768.

Kodi ma framework amachita okha zimenezi?

Ambiri amachita. `httptest.NewServer` ya Go imadzutsa seva pa port 0 n'kukupatsani `URL` yathunthu. Mu Spring Boot mumalemba `webEnvironment = RANDOM_PORT` pa `@SpringBootTest`, n'kulandira nambala kudzera pa `@LocalServerPort`; pansi pake ndi `server.port=0` basi.

Nkhani ya Django ndi yomwe imandisangalatsa, chifukwa inayenda njira yonse yomwe ambirife timayenda. `LiveServerTestCase` inayamba ndi port yokhazikika, 8081. Anthu atadandaula za kugundana, panabwera mndandanda wa ma port woti iziyesa imodzi ndi imodzi, ndipo mumatha kuusintha ndi `DJANGO_LIVE_TEST_SERVER_ADDRESS` kapena `--liveserver`. Mu Django 1.11, mu 2017, anataya zonsezo n'kusamukira pa port 0. Koma posakhalitsa, mu 1.11.2, anaonjezera `port` yoti munthu athe kulemba nambala yake pa class. Anapeza kuti 0 ndi yabwino kukhala yachizolowezi, koma pali anthu omwe akufunikiradi kusankha okha.

Ngati 0 ikuthetsa vuto, n'kusiyiranji mpata woti munthu asinthe port?

Pa zifukwa zomwe zija zinabweza Django m'mbuyo. Mukufufuza test yomwe ikugwa, mukufuna kutsegula browser kapena Wireshark pa nambala yomwe mukuidziwa kale, osati kumaisaka ulendo uliwonse. Browser ya Selenium, chida choyendetsa browser mu ma test, ili mu container ina (kabokosi koyendetseramo pulogalamu payokha, monga ka Docker) kapena pa makina ena, ndipo firewall yatsegula ma port owerengeka okha. Kapenanso mukuyesa kulowa kudzera pa OAuth, njira yolowera ndi akaunti ya kwina, ndipo adiresi yobwererako inalembetsedwa ndi port yake. Pa mapulogalamu oikidwa pa kompyuta, RFC 8252 imalamula kuti seva ilole port iliyonse pa adiresi ya loopback, yomwe kompyuta imadzilankhulira yokha monga `127.0.0.1`, koma pa mapulogalamu a pa webusaiti adiresi iyenera kufanana ndendende.

Choncho zonse ziwiri zikhalepo: popanda wonena kanthu, 0, wina akanena nambala, imeneyo.

```python
port = int(os.environ.get("TEST_HTTP_PORT", "0"))
```

Ndipo ngakhale munthu atapereka nambala yake, ma test azifunsabe seva kuti yakhala pati. Njira ikhale imodzi. Mukalola kuti theka la ma test liziwerenga environment variable pomwe theka lina likufunsa seva, tsiku lina ziwirizo zidzasiyana. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Ndigwiritse ntchito environment variable, flag, kapena fayilo?

Ine ndimayamba ndi environment variable chifukwa imadutsa paliponse: mu shell, mu Makefile, mu Docker, mu CI (makina oyendetsa ma test okha code ikasintha), ndipo ma process omwe test yadzutsa amailandira okha. Heroku ndi Cloud Run nazo zimauza pulogalamu port yake kudzera pa `PORT`, ndiye ngati seva yanu inazolowera kale zimenezo, ntchito yaikulu inagwiridwa. Flag ndi yabwino kwa munthu yemwe ali pa kiyibodi. Mukakhala ndi zonse zitatu, flag ipambane environment variable, environment variable ipambane fayilo, ndipo mulembe dongosololo mu README.

Dzina la variable lisakhale `PORT` lokha ngati muli ndi zinthu zingapo zofuna port. Seva, database ndi seva yabodza yoimirira banki, chilichonse chikhale ndi dzina lake. Wina akalemba `80 80` kapena `abc`, test ife pomwepo ndi uthenga womveka. Kubwerera mwakachetechete pa nambala ina n'kumene kumabweretsa mavuto osaoneka.

Ndili ndi function yotsegula port 0, kuwerenga nambala, kutseka, n'kupereka nambalayo kwa seva. Si zomwezo?

Ayi, ndipo ili ndi funso lofunika kwambiri pa tsamba lonseli. Function imeneyi ili paliponse pa intaneti, nthawi zambiri ndi dzina loti `find_free_port`. Cholakwika chake chili pa kutsekako. Mukangotseka socket, port yabwerera kwa kernel. Pakati pa kutsekako ndi nthawi yomwe seva yanu ikudzaigwira pamadutsa kamphindi, mwina masekondi angapo ngati ndi JVM ya Java yomwe ikudzuka. Mu kamphindi kameneko test ina yoyenda pambali ikhoza kupatsidwa nambala yomweyo. Mwaona benchi lopanda munthu, mwapita kukasenza katundu, pobwera mwapeza wina wayala kale.

Pa laputopu yanu izi sizingaoneke chaka chonse. Pa makina a CI omwe akuyendetsa ma test mazanamazana nthawi imodzi zimaoneka, ndipo zimaoneka ngati ufiti: lero yagwa iyi, mawa ina, ndipo mukabwereza zonse zimapambana. Spring inali ndi class yotere, `SocketUtils`. Mu 5.3.16 anaitchula kuti isagwiritsidwenso ntchito, mu 6.0 anaichotsa, ndipo malangizo awo anali omwewa: siyirani seva kuti idzipezere yokha port, inu mufunse pambuyo pake.

Njira zopewera zilipo. Ngati seva ili mu process yomweyo, ipatseni socket yotsegula kale m'malo mwa nambala. Mu Go ndi `http.Serve` yomwe imalandira listener. Ngati seva ndi process ina yomwe code yake ndi yanu, iphunzitseni kulandira `--port 0` n'kulemba nambala yomwe yapeza pa stdout kapena mu kafayilo komwe test yaiuza. Pa Linux mungathenso kupatsira process ya mwana socket yotsegula, monga imachitira systemd ndi `LISTEN_FDS`, pomwe socket yoyamba imakhala file descriptor nambala 3.

Ngati seva si yanu ndipo silandira 0, function ija igwiritseni ntchito ndithu, koma muizungulize ndi kubwereza: seva ikafa ndi `EADDRINUSE`, sankhani ina n'kuyesanso, katatu kapena kasanu. `reserve-network-port` ya build-helper-maven-plugin ndi `unused_tcp_port` ya pytest-asyncio nazo zili ndi kamphindi komweka. Sizoipa, kungoti muzidziwa chomwe mwagula.

Ndapatsa Redis port 0 koma palibe chikuyankha. Chalakwika n'chiyani?

Si pulogalamu iliyonse imamva 0 chimodzimodzi. Kwa Redis, `port 0` ikutanthauza kuti isamvetsere pa TCP konse. PostgreSQL imakana, chifukwa imalandira kuyambira 1 mpaka 65535. Werengani kaye zolemba za chinthu chomwe mukudzutsacho.

Pa ma database njira yosavuta ndi container. Mkati mwake PostgreSQL ikhale pa 5432 pake monga mwa nthawi zonse, ndipo Docker ndi yomwe isankhe port yakunja:

```
docker run -d --name db -e POSTGRES_PASSWORD=test -p 127.0.0.1::5432 postgres:16
docker port db 5432
```

Madontho awiri ogundizanawo akusonyeza kuti nambala yakunja mwaisiya dala. Testcontainers imachita zomwezi kuchokera mu code: mumafunsa `getHost()` ndi `getMappedPort(5432)`, ndipo ili ndi ka container kena kotchedwa Ryuk komwe kamasesa zotsalira ma test akafa pakati. Mu GitHub Actions, mukalemba port ya container yokha pa service, nambala yakunja mumaipeza pa `job.services.postgres.ports[5432]`, ngati service mwaitcha `postgres`. Mu Compose chimodzimodzi, `"5432"` yokha m'malo mwa `"5432:5432"`, kenako `docker compose port`.

Kafka ndi yovutirapo. Broker, yomwe ndi seva ya Kafka, imauza client adiresi yoti abwererepo, yomwe ili mu `advertised.listeners`, ndiye ikapanda kudziwa port yakunja imatumiza client ku nambala yamkati komwe kulibe kanthu. Connection yoyamba imatheka, ma connection otsatira onse n'kulephera. Gwiritsani ntchito module ya Kafka ya Testcontainers, musadzivutitse.

Ma test anga amayenda angapo nthawi imodzi. Ndingowonjezera nambala ya worker pa port?

Zimatheka. Worker ndi process imodzi mwa zingapo zogawana ma test. pytest-xdist imapatsa worker aliyense `PYTEST_XDIST_WORKER`, yomwe imakhala `gw0`, `gw1` ndi kumapitirira. Jest ili ndi `JEST_WORKER_ID` yoyambira pa 1, Maven Surefire ili ndi `surefire.forkNumber`. Mukatenga 20000 n'kuonjezera 100 pa worker aliyense, ma worker a ulendo umodzi sagundana.

Koma ma job awiri akagwera pa makina amodzi, onse ali ndi `gw0` wake, ndipo mwabwerera pomwe munayambira. Ndiye poyambira pake, 20000 uja, nayenso azitha kusinthidwa. Njirayi ndimaisungira zinthu zokana 0 zokha.

Seva ndaizimitsa, koma kuidzutsanso ikuti port ikadali yotengedwa. Bwanji?

Yambani mwaonetsetsa kuti yafadi, chifukwa nthawi zambiri mumakhala mutapha script koma mwana wake ali moyo. Ngati yafadi, ndiye kuti ndi `TIME_WAIT`. Mu TCP, mbali yomwe yayamba kutseka connection imasunga mbiri yake kwa kanthawi kuti ma packet ochedwa asadzasokoneze connection yatsopano. Pa Linux ndi masekondi 60. `ss -tan` imakuonetsani mizere imeneyi.

Mankhwala ake ndi `SO_REUSEADDR`, yoikidwa musanachite `bind`. Go ndi Node zimaika zokha pa Linux ndi macOS. Socket wamba ya Python siika, koma `socket.create_server`, yomwe inabwera mu Python 3.8, imaika. Pa Windows samalani: kumeneko `SO_REUSEADDR` imalola socket ina kukhala pa port yomwe ili kale ndi womvetsera, ndiye n'chifukwa chake anapanga `SO_EXCLUSIVEADDRUSE`.

Musasokoneze ndi `SO_REUSEPORT`, yomwe inalowa mu Linux 3.9 mu 2013. Imeneyo imalola ma process angapo kumvetsera pa port imodzi, kernel n'kumawagawira ma connection. Mukaiika mu ma test kuti uthenga wofiira usowe, udzasowadi, koma ma request ena azipita kwa seva yakale, ena kwa yatsopano. Nkhani ya 8080 ija ndi yabwinoko poyerekeza ndi imeneyi.

Port ndi yolondola, seva ili moyo, koma ndikulandira `ECONNREFUSED`. Ndayang'ana molakwika pati?

Yang'anani adiresi. `localhost` ndi dzina, ndipo likhoza kutanthauza `127.0.0.1` ya IPv4 kapena `::1` ya IPv6. Seva ikamvetsera pa imodzi, client n'kugogoda pa inayo, sakumana. Izi zinagwetsa ma test ambiri pa Node 17, yomwe inasiya kuika IPv4 patsogolo n'kuyamba kutsata dongosolo lomwe makina apereka. Mu ma test lembani `127.0.0.1` mbali zonse, kapena bwino koposa, funsani seva adiresi yonse, host ndi port pamodzi. N'chifukwa chake ndimakonda kuti fixture, code yokonzera test zomwe ikufuna, izibweza `base_url`, osati nambala yokha.

Musamvetsere pa `0.0.0.0` pokhapokha ngati china chochokera kunja, monga browser ya mu container, chikufunikadi kufika. Seva ya test imakhala ndi password zongopeka ndi zitseko zosakhoma, ndipo pa Wi-Fi ya mu ofesi aliyense angalowe.

Browser ikukana ndi `ERR_UNSAFE_PORT` pomwe `curl` ikudutsa. Ndi chiyaninso?

Ma browser ali ndi mndandanda wa ma port omwe sangalumikizeko, pofuna kuti webusaiti yachinyengo isawagwiritse ntchito polankhula ndi ntchito zina. Muli 6000 ya X11, 6665 mpaka 6669 za IRC, 5060 ndi 5061 za SIP, komanso 10080. `fetch` ya Node imatsatanso mndandandawu. Munthu yemwe wathawa 5000 chifukwa cha AirPlay n'kusamukira pa 6000 amagwera momwemu. Ndi port 0 simungakumane nazo, chifukwa onsewa ali pansi pa gulu lobwereka.

Pa nkhani ya browser pomwepa, dziwaninso ichi: ma cookie sasiyanitsa port. Seva ziwiri pa `127.0.0.1`, ina pa 41000 ina pa 41001, zimaonerana ma cookie mu browser imodzi. Pomwe CORS, malamulo a browser oletsa kapena kulola tsamba kulankhula ndi seva ina, ndi `localStorage` zimawerengera port ngati gawo la origin, komwe tsamba lachokera. Ndiye port ikamasintha ulendo uliwonse, mndandanda wa ma origin ololedwa nawo uzilandira nambalayo kuchokera ku fixture, ndipo test iliyonse iziyamba ndi browser yoyera.

Pulogalamu yanga imakhala pa 443 ikapita kwa makasitomala. Sindiyenera kuiyesa pomwepo?

Pa Linux ma port a pansi pa 1024 amafuna root kapena `CAP_NET_BIND_SERVICE`, ndipo kuyendetsa ma test ndi `sudo` chifukwa cha nambala n'kudziputira. TLS, yomwe imabisa data mu HTTPS, imagwira pa port iliyonse. Chomwe chingasiyane ndi code yomwe imamanga ma URL, chifukwa pa 80 ndi 443 nambala silembedwa, pa ena imalembedwa. Imeneyo iyeseni payokha ndi unit test, yosadzutsa seva.

Pa Windows port ikukanidwa koma `netstat` sikuonetsa aliyense. Ndani waigwira?

Kawirikawiri ndi Hyper-V, yomwe WSL 2 ndi Docker Desktop zimadalira. Imadzisungira magulu a ma port, ndipo maguluwo amatha kusintha makina akayambanso. Lembani `netsh interface ipv4 show excludedportrange protocol=tcp` muone ngati nambala yanu ili m'menemo.

Pa mavuto wamba, wogwira port mumamupeza ndi `ss -ltnp` pa Linux, `lsof -nP -iTCP:8080 -sTCP:LISTEN` pa macOS, ndi `netstat -ano` pa Windows. Chonde musaike mu script lamulo lopha aliyense yemwe wapezeka pa port. Pa makina ogawana mudzapha job ya mnzanu, apo ayi Jenkins yomwe ikuyendetsa script yomweyo.

Ndimalemba `sleep 5` podikira kuti seva idzuke. Kodi n'kulakwa?

Masekondi 5 ndi ochuluka pa laputopu yanu, ndi ochepa pa makina a CI omwe alemedwa. Ngati socket mwaitsegula nokha mu test, kudikira sikufunika n'komwe: `listen` ikangobwerera, kernel imalandira ma connection n'kuwaika pamzere kufikira seva itayamba kuwatenga. Ngati ndi process ina, dikirani kuti ilembe port yake, kenako muziigogoda pafupipafupi mpaka iyankhe, ndi malire a nthawi. Mukudikira choncho, muzionanso ngati process ikadali moyo. Ikafa, test igwe nthawi yomweyo ndipo isindikize stderr ya seva. Mzere umodzi umenewu ukanatipulumutsa sabata yonse ija.

Kodi ndingapewe ma port onse?

Pa ma test ambiri, inde, ndipo ndi othamanga. `test_client` ya Flask, `Client` ya Django ndi `MockMvc` ya Spring zimapereka request kwa pulogalamu mwachindunji osadutsa pa netiweki. Koma siziyesa seva yeniyeni, TLS, kapena timeout, ndiye ma test angapo odutsa pa socket atsalebe.

Njira ina ndi Unix socket, yomwe ndi fayilo mu foda yongoyembekezera ya test iliyonse. PostgreSQL, MySQL ndi Redis zonse zimailandira. Chenjerani ndi kutalika kwa path, chifukwa malo ake ndi ma byte 108 pa Linux ndi 104 pa macOS, ndipo mafoda ongoyembekezera a pa macOS ali ndi mayina aatali kale.

Pa Linux palinso network namespace. `unshare -rn` imapatsa ma test netiweki yawoyawo, momwe ma port onse ali opanda munthu; mungodzutsa loopback ndi `ip link set lo up`. Ma test akale odzaza ndi 8080 amayenda mmenemo osasintha kalikonse, kungoti safika pa intaneti, zomwe nthawi zina zimaulula ma test omwe amapita kunja mobisa.

Ndalandira project yakale, nambala yalembedwa m'mafayilo ambirimbiri. Ndiyambire pati?

Musayambe ndi kusintha nambala. Yambani ndi `grep -rn "8080" .` muone kukula kwa munda, ndipo musaiwale mafayilo a YAML, a JSON osunga mayankho oyembekezeka, ma script a shell ndi mndandanda wa CORS. Kenako pangani fixture imodzi yobweza `base_url`, ikadali ndi 8080 mkati mwake, n'kusamutsira ma test onse kwa iyo pang'onopang'ono. Pa gawo limeneli palibe chomwe chasintha pa kayendedwe, ndiye anzanu sadzavutika kuunika.

`grep` ikasiya kupeza nambalayo kwina kulikonse kupatula mu fixture, ikani environment variable, n'kuyendetsa ma test onse ndi nambala ina, tinene 18081. Omwe agwe ndi omwe anabisa port pena, mwina poiphatikiza kuchokera ku zidutswa kapena mu fayilo ya snapshot. Mukawakonza, sinthani yachizolowezi kukhala 0, seva izisindikiza adiresi yake mu log ikangodzuka, kenako tsegulani ma terminal awiri n'kuyendetsa ma test onse mbali ziwiri nthawi imodzi. Akagwa pamenepo, kawirikawiri si port ayinso, koma dzina la database kapena foda ya mu `/tmp` yomwe mbali ziwirizo zikulimbirana, ndipo nazo zimafuna fixture yake.